MUYESO WOONA NDI MTSOGOLERI WOONA

Mau owerenga: Amosi 8:4-7, Nehemiya 5:14-19.

Pa msika wa ku Chazanga, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, mkazi wamasiye afika kudzagula meda ya cimanga. Wamalonda wosaopa Mulungu amtungira m'citini cimene pansi pace anapakhomera m'kati. Cibwezo ca mbeu zobedwazo ncocepa, koma madzulo ana amasiye ndiwo agona osakhuta. Chimo lotere ndilo mneneri Amosi anadzudzula kwa amalonda a m'Israyeli, amene anacepsa muyeso ndi kukweza mtengo.

Nthenda yomweyi igwiranso akuru. Pa 29 December 1991 mtsogoleri wa dziko, Frederick Chiluba, analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu. Koma m'caka ca 2007 bwalo lalikuru la ku London linagamula kuti iye ndi anzace anapatutsa ndarama za boma zokwana madola 46 miliyoni, ndi kuti zina zinathera pa zobvala za m'sitolo ya ku Geneva. Bwalo la ku Lusaka linammasula pa mlandu wa kuba m'caka ca 2009, ndipo anamwalira mu 2011. Za mtima wace adziwa ndi Mulungu yekha. Komatu mlanduwo uonetsa kuti kuchula dzina la Kristu pakamwa sikutseka dzanja lolowa m'nkhokwe ya anthu.

Nehemiya anayenda njira yina. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala kazembe wa Yuda, osadya msonkho umene akazembe oyamba aja anaumiriza anthu, cifukwa anaopa Mulungu. Popeza manja ace anali oyera, anakhoza kudzudzula eni cuma amene analanda minda ya osauka, ndipo iwo anaibweza. Mtsogoleri wolandira ciphuphu sakhoza kutero, pakuti ciphuphuco cimtseka pakamwa.

Makolo anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mkuru wa msika akadya za m'thumba la anzace, wamalonda aliyense ayesa kuti kunyenga kwaloledwa. Cifukwa cace mkuru wa mpingo, mfumu ya mudzi, ndi msungicuma wa cilimba awerenge ndarama poyera, pamaso pa eni ace. Ndipo iye amene ananyenga kale asangolira m'kacisi, koma acite monga Zakeyu: abweze cimene anatenga, naongole citini cace asanatsegule malonda a caka cino.