KODI TINYENGA YANI?

Abale anga, alipo ena mwa ife odwala nthenda ya shuga amene, pakuona kuti tsiku la ku cipatala layandikira, aleka tiyi wotsekemera, nacepetsa nsima masiku awiri okha, kuti namwino asawadzudzule. Pobwera kumudzi abwerera ku madyedwe ao akale. Kodi cimeneci ndi bodza, popeza m'kamwa mwao simunaturuke mau onama?

Tiyambe tamvetsa ciyeso cace. Alasa cala ndi kasingano, naika dontho la mwazi pa kapepala, ndipo kamakina kaonetsa nambala. Munthu akakhala maora 8 osadya, monga alamulira dotolo, nambala yosafika 5.6 iri bwino, ikafika 7.0 kapena kupitirira, nibwereza tsiku lina, ndiyo nthenda. Makina ena awerenga mwa njira yina, ndipo 7.0 aichula 126. Ikatsika kunsi kwa 3.9, wakumwa mankhwala anjenjemera, nacita thukuta. Ameneyo mumpatse msanga cotsekemera.

Zindikirani tsono kuti dontho lija linena za ora lomwelo lokha. Dotolo aona nambala yokoma, nati mankhwala akwanira. Pomwepo shuga wocuruka alikuononga mwakacetecete maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Munthuyo wapulumuka cidzudzulo, nataya thandizo. Bodza silikhala pa lilime pokha. Yense wokonza zinthu kuti mnzace akhulupire cosaona wanama ndithu, angakhale wakhala du.

Ena adzati, Namwino alankhula mwaukali, ndipo ticita manyazi. Mau amenewa sitiwapeputsa. Nambala yokwera sindiyo mlandu, pakuti ikweranso ndi malungo ndi nkhawa. Ndipo mai amene m'nyumba mwace mwatsala ufa wokha sangathe kusankha zakudya. Woyesa akumbukire kuti kukalipa kuphunzitsa wodwala kubisa. Koma ukali wa mnzako suyeretsa cinyengo cako.

Ciriponso ciyeso cina cochedwa HbA1c. Shuga amamatira ku timagawo tofiira ta mwazi, timene tikhala masiku ngati 120. Cifukwa cace ciyeso cimeneci cinena za miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo nambala ya 6.5 kapena kupitirira isonyeza nthenda. Kusala kwa masiku awiri sikungacinyenge.

Makolo athu anati, Bisani matenda, maliro tidzamva. Cotero pitani ku cipatala monga muli, nimuuze dotolo zimene mumadya masiku onse, kuti akuthangateni maso anu akali kupenya.