Kodi Kuŵeta Galu Kumaloŵetsamo Thayo Lotani?

TAYEREKEZERANI banja lachikristu ku Nkulumane, dera la anthu ambiri mumzinda wa Bulawayo, ku Zimbabwe. Ana afika ndi kagalu kamene mnansi waŵapatsa, ndipo akuchonderera kuti kasungidwe. Atate, polingalira za mbala, akuona kuti mlonda wapezeka. Koma kodi nkhaniyo yathera pomwepo? Kutalitali.

Yesu anasonyeza kuti munthu wofuna kumanga nsanja amayamba waŵerengera mtengo wake. (Luka 14:28) Galu angakhale ndi moyo kwa zaka zoposa khumi, ndipo tsiku lililonse amafuna chakudya, madzi abwino, ndi mthunzi. Ku Bulawayo, kumene madzi a m'mipopi akhala akuperekedwa mosinthana m'zaka za chilala, zimenezo sizopepuka. Komabe, Miyambo 12:10 imagwirizanitsa chilungamo cha munthu ndi mmene amasamalirira chiŵeto chake. Chotero mwini galu amene amammangirira padzuŵa kapena kummana chakudya kuti aluse sangayembekezere chiyanjo cha Mlengi.

Palinso thayo kwa anansi. M'Chilamulo cha Mose, ngati ng'ombe yodziŵika kuti njogunda inapha munthu chifukwa chakuti mwiniyo sanaisunge ngakhale kuti anachenjezedwa, iye anali ndi liwongo la mwazi. (Eksodo 21:29) Akristu sali pansi pa Chilamulo, koma lamulo lake lamkhalidwe nlomveka: moyo wa munthu ngwopatulika.

Lingalirani za chiwewe. Bungwe la World Health Organization limayerekezera kuti nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Afirika ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amaitenga kwa agalu. Zizindikiro zikaoneka, wodwalayo sachira kaŵirikaŵiri. Komatu katemera wa galu amaitsekereza! Motero pamene akuluakulu a mzinda alamula kuti agalu abayidwe katemera, alembetsedwe, ndi kusungidwa mkati mwa mpanda, Mkristu amamvera mofunitsitsa. (Aroma 13:1, 5) Ndipo galu wake akaluma mwana wa mnansi, iye sabisa kalikonse. Amathandiza kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, nafulumira naye kuchipatala.

Banja la ku Nkulumane lija lingasankhe kusunga kagaluko kapena kukabweza mwaulemu. Chosankhacho nchaumwini. Koma likakalandira, anansi adzaona m'kasamalidwe kake ngati chikondi cha pa mnansi chimene banjalo limalalikira chilidi chenicheni.—Marko 12:31.