NDANI AYENERA KULEMBEDWA PA THANDIZO LA AMPHAWI?

M'midzi yambiri akafika anthu olemba maina a olandira ndalama za Mtukula Pakhomo pamabuka mikangano, kotero kuti ena amene amagwada pamodzi m'tchalitchi pa Lamulungu amaleka kupatsana moni. Tsono tiyeni tilingalire nkhani imeneyi pamaso pa Mulungu, pakuti ikhudza chilungamo, ndipo ikhudzanso chipulumutso cha mizimu yathu.

Tiyambe tadziwa thandizolo. Boma linayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo pofika 2018 unali utafalikira m'maboma onse 28. Pouyambitsa anaika zizindikiro ziwiri zoyenera kupezeka pamodzi. Choyamba, banja likhale losaukitsitsa, monga lija lodya kamodzi pa tsiku. Chachiwiri, likhale losowa manja ogwira ntchito, ndiye kuti mulibe munthu wamphamvu wa zaka 19 kufikira 64, kapena alimo koma aliyense wa iwo akusenza anthu opitirira 3, monga ana, nkhalamba ndi odwala. Anakonzanso kuti pa mabanja 100 alionse alembepo 10 okha. Nchifukwa chake amphawi ambiri amatsala kunja, ndipo malo amodzi akatengedwa mwachinyengo pali khomo lina limene ligona ndi njala.

Palinso lamulo lopepukitsa msonkho kwa antchito olandira pang'ono. M'chaka cha 2020 boma linakweza malipiro a pamwezi osadulidwa msonkho kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000, ndipo mu 2024 linawafikitsa pa K150,000. Bwana amene adula msonkho pa malipiro osafika pa malire oikidwa ndi lamulo, naika ndalamayo m'thumba mwake, waba thukuta la mmphawi.

Musayese kuti kusankha oyenera thandizo ndi chinthu chachilendo mu Eklezia. M'buku la Ntchito za Apostoli, mutu 6, timva kuti akristu olankhula Chigriki anadandaula chifukwa amasiye ao ankaiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Apostoli sanawadzudzule odandaulawo. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 a mbiri yabwino, mmodzi wa iwo ndiye Stefano Woyera, kuti agawe mosakondera. Paulo Woyera nayenso, m'kalata yoyamba kwa Timoteo, mutu 5, analamula kuti polemba amasiye alembe wa zaka zosachepera 60, ndi kuti amene ali ndi ana kapena adzukulu asamalidwe ndi abale akewo, kuti mpingo uthe kuthandiza amene alibiretu munthu. Ndipo Papa Yohane XXIII, m'kalata yake Mater et Magistra ya 1961, anaphunzitsa kuti msonkho uyenera kulingana ndi mphamvu za wokhomayo, ndi kuti thandizo lotere ndi njira yogawira chuma cha dziko mwachilungamo.

Tsono mau oyamba apite kwa inu mafumu ndi a komiti. Cholembera chimene mwagwira chili ndi mlandu waukulu. Mukalemba mlamu wanu amene ali ndi ng'ombe m'khola, nkusiya agogo akulera ana amasiye, mwalakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba, ndi lachisanu ndi chitatu loletsa umboni wonama. Mukauza wolandira kuti akugawireni pa ndalama yake chifukwa munamlembetsa, mwagulitsa chinthu chimene sichinali chanu.

Mau achiwiri ndi a inu amene mumabisa mbuzi kwa mnansi ndi kubwereka ana a eni kuti banja lioneke lalikulu. Kumbukirani Ananiya ndi Safira, amene ananama pa nkhani ya ndalama pamaso pa Petro Woyera nagwa pomwepo. Dziwaninso kuti tchimo la kuba silitha ndi kulapa kwa pakamwa pokha. Eklezia aphunzitsa kuti wakuba abweze monga angathere. Kapemphe kuti dzina lako lichotsedwe, ndipo chimene unadya ukachibweze kwa amene unawalanda malo.

Mau achitatu ndi a inu oyenera thandizo, amene mwina mukuchita manyazi. Landirani ndi mtima woyera, pakuti chuma cha pansi pano Mulungu anachilengera anthu onse. Gulani chakudya, sopo ndi makope a ana, ndipo zikatheka kankhuku kapena kambuzi koweta. Koma tsoka kwa mdzukulu amene alanda ndalama ya agogo ake nakathera ku kachasu.

Nanga otsala kunja? Amenewo ndi athu. Mndandanda wa boma uli ndi malire, koma lamulo la chikondi lilibe malire. Miphakati iwadziwe maina ao, iwalimire, iwafolerere nyumba mvula isanagwe, pakuti akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inu aphunzitsi a mpingo, ntchito yanu ndi iyi. Fotokozerani anthu zizindikiro za oyenera thandizo, mutafunsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma lanu, kuti mphekesera zichepe. Perekezani nkhalamba ndi olumala kumene akulemba maina, ndipo onani kuti ali ndi chiphaso cha unzika. Wina akasiyidwa mopanda chilungamo, mthandizeni kukadandaula mwaulemu ndi mosaopa, monga anachitira akristu oyamba aja. Inu eni musalandirepo kanthu.

Tsiku lomaliza Ambuye Yezu adzatifunsa za anjala ndi ausiwa amene tinakhala nao m'mudzi umodzi. Tipemphe Maria Woyera, Amai a osauka, ndi Stefano Woyera atipempherere, kuti manja athu akhale oyera pogawa ndi polandira pomwe.