Dongo Lisanalowe M'moto

Kwathu amayi amaumba mbiya ndi manja okha, koma kuno ku Perth ophunzira kuumba amayambira pa gudumu lozungulira. Phunziro loyamba ndi kukhazika dongo pakati penipeni. Likapendekeka pang'ono, mbiya imagwedera n'kuphwasuka. Komabe dongo losawotcha silitayidwa: amalinyowetsa n'kulikanyanso. Mneneri Yeremiya, pamutu 18, anaona woumba akuumbanso chimene chidaonongeka m'manja mwake.

Moto ndiwo umatseka mwayi, pakuti mbiya yowotcha ikasweka imangosanduka mapale. Lenti ino tikadali dongo lofewa. Tisazengereze kupita ku Sakramenti la Kulapa, ndipo tiyanjane ndi amene timayimba nawo m'kwaya koma sitilankhulana. Ambuye atiumbenso Pasaka isanafike.