Kodi Wokhala Kutali Wataya Kwawo?

Pa mwambo wathu wa Achewa, munthu amayesedwa ndi kupezeka kwake. Mbale weniweni ndi amene amachezera pamaliro usiku wonse, amene amagona pansi pambali pa wodwala, amenenso amakhala pabwalo mlandu wa mphwake ukamazengedwa. Nchifukwa chake akuluakulu a ku Chisepo, monganso a m'midzi ina ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, akamadandaula za munthu safunsa za chuma chake, amangoti, "Uja saoneka." Mawu awiri amenewa ndi chiweruzo chachikulu. Komatu pali anthu ena amene ntchito yawo imawachotsa pamudzi kwa miyezi kapena zaka, nkukawaika kumalo kumene uthenga wa maliro umafika mtembo utaikidwa kale. Mwa anthu otere, wotalikira kwambiri ndi msilikali wa kumsasa wa m'chipululu. Tsono funso lathu ndi ili: kodi munthu ameneyu wataya udindo wake pa banja ndi pa mbumba, kapena akuusenza mwa njira ina?

Nkhaniyi si yachilendo m'dziko lathu. Mu 1902 Angerezi adakhazikitsa gulu la nkhondo la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, ndipo magulu ake awiri oyamba adali a amuna a dziko lino. Mu Epulo 1903, pamalo otchedwa Gumburu m'dziko louma la Asomali, asilikali oposa 100 a gulu lachiwiri adaphedwa tsiku limodzi polimbana ndi ankhondo a Sayyid Mohammed Abdullah Hassan. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, boma lidalemba amuna zikwizikwi kudzera mwa mafumu. Mu Julayi 1940 kagulu ka asilikali a gulu loyamba kadazingidwa ndi Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kufikira pamene kadatuluka usiku. Dzina la malo a asilikali a Moyale ku Mzuzu limakumbutsa zimenezo. Anzawo a gulu lachiwiri adali m'dera la Berbera mpaka mu Ogasiti chaka chomwecho, pamene Angerezi adachotsako ankhondo awo pa sitima zapamadzi. Dziko litadzilamulira, maulendo otere sadathe. Amalawi ovala yunifolomu adatumikirapo pa ntchito yosungitsa mtendere ku Darfur m'dziko la Sudan, kumene bungwe la United Nations pamodzi ndi la African Union adaikako ankhondo kuyambira mu 2007 mpaka mu 2020, ndiponso ku Western Sahara, kumene ntchito yoyang'anira pangano loletsa nkhondo idayamba mu 1991.

Ambiri tikamva za usilikali timaganiza za mfuti ndi zipolopolo. Kunena zoona, masiku omenyana ndi owerengeka. Ochuluka ndi masiku odikira. Tsiku la kumsasa limayamba kusanache. Lipenga likalira, aliyense adzuka, ayala pogona pake, nkukaima pamzere kuti awerengedwe. Kenaka ntchito zigawidwa: ena akumba maenje obisalamo, ena adzaza matumba a mchenga otchingira msasa, ena akonza magalimoto, ena aphika, ena apita kukazonda njira. Mfuti imapukutidwa tsiku lililonse chifukwa mchenga umalowa paliponse, m'nsapato, m'maso, ngakhale m'chakudya. Dzuwa likafika pamutu, chitsulo sichigwirika ndi manja, ndipo mthunzi wake ndi wa tenti imene mkati mwake mumatentha ngati ng'anjo. Usiku ukagwa, dziko lomwelo limazizira kotero kuti mlonda amanjenjemera atavala chikhoti. Mawa lake zonsezi zibwerezedwa, ndipo masiku amafanana mpaka munthu kuiwala kuti lero ndi lachingati.

Chovuta koposa ndi madzi. Munthu wokulira ku Chisepo amadziwa kuti chitsime chikauma pali dambo, ndipo dambo likauma anthu amafukula mumchenga wa mumtsinje. M'chipululu madzi amabwera pa galimoto kapena kuchokera ku zitsime zotalikirana, ndipo amagawidwa moyeza. Madzi omwewo munthu amwe, asukusule, achapire. Apa mpamene khalidwe la munthu limaonekera poyera. Womwa gawo la mnzake mobisa amadziwika msanga, ndipo wogawira mnzake wodwala saiwalika. Asilikali a Keyala ochokera kuno ankalamulidwa m'Chinyanja, motero Mchewa, Myao, Mngoni, Mlomwe ndi Mtonga ankadyera mbale imodzi ndi kulankhula chinenero chimodzi. Msasa umasanduka mudzi wa anthu osabadwirana, ndipo umatsimikiza mwambi uja wakuti kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu.

Tsono pamene iye akuwerenga masiku mumchenga, kumudzi nyengo sizimudikira. Mu Okutobala munda ufuna kusosa, ndipo nazale ya fodya ifuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa, chimanga ndi mtedza ziyenera kubzalidwa masiku omwewo, fodya nayenso aokeredwe. Mu Febuluwale nkhokwe imapepuka, malungo amachuluka, ndipo mwana akatentha thupi pakati pa usiku, amene amamubereka kumsana kupita naye kuchipatala ndi mayi yekha. Denga likadontha, wofolera palibe. Mlongo wake wa msilikaliyo akakhala ndi mlandu wa banja, mpando wa mwini mbumba umakhala wopanda munthu, ndipo ana amafunsa kuti atsibweni adzabwera liti. Tinganene kuti usilikali wa munthu mmodzi amausenza ndi anthu ambiri, ngakhale yunifolomu ndi malipiro zimalembedwa dzina limodzi lokha.

Poona zimenezi, ena amaweruza kuti munthu wotere walakwa. Maganizo awo ali ndi mphamvu, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Iwo amati udindo wa pachibale sugulidwa. Ndalama ingagule bokosi, koma singakhale pamaliro. Ingalipire sukulu, koma singalangize mwana amene wayamba kusokonekera. Mwana amene bambo wake adachoka iye akukwawa, nkubwera iye akuthamanga, wataya chinthu chimene sichidzabwezedwa ndi malata a padenga. Ena amaonjezera funso lina lakuthwa: nkhondoyo ndi ya yani? Mu Novembala 1914 Mbusa John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka a dziko lino ankatengedwa kukafera nkhondo imene sidali yawo, nkusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowasamala. Amene adagona ku Gumburu sadafere malire a munda wa kwawo. Funso la Chilembwe likadali loyenera kufunsidwa nthawi iliyonse pamene boma lituma ana a eni kutali.

Komabe pali mbali ina. Poyamba, ambiri mwa amene adapita sadapite chifukwa chodana ndi kwawo, koma chifukwa chokonda kwawo. M'nthawi ya atsamunda msonkho unkafunika ndi ndalama, ndipo ntchito zolipira zidali zochepa. Mwamuna ankasankha pakati pa migodi ya ku Joni, mafamu a ku Rhodesia ndi Keyala, ndipo ena sankapatsidwa nkomwe mpata wosankha. Lerolino munda umene udadyetsa agogo wagawidwa kwa zidzukulu mpaka kutsala kachidutswa, ndipo mtengo wa feteleza sulingana ndi phindu la fodya. Kodi bambo wokhala pakhonde tsiku lonse, ana akugona ndi njala, wakwaniritsa udindo kuposa amene ali kutali koma ana ake ali pasukulu? Kupezeka kwa thupi kokha si chikondi. Pali amuna ogona m'nyumba zawo usiku uliwonse amene ana awo sawadziwa mtima.

Chachiwiri, umunthu sulekezera pa malire a mudzi. Makolo adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi wa ku Darfur amene adathawa mudzi wake utatenthedwa, nkumaopa kupita kukatola nkhuni popanda womuperekeza, adali ndi ana monga mayi wa ku Chisepo. Ngati msilikali kapena wapolisi wa ku Malawi adamuperekeza, ndiye kuti adachita kwa mlendo chimene akadafuna kuti wina achitire mlongo wake. Dziko lathu likudziwa tanthauzo la zimenezi, pakuti m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique lidasunga anthu othawa pafupifupi 1,000,000, ndipo ku Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, kwakhala anthu othawa nkhondo kuyambira mu 1994. Apa pali kusiyana kwenikweni pakati pa nkhondo yolimbirana ufumu wa eni ndi ntchito yoteteza anthu opanda chitetezo, ngakhale mchenga ndi ludzu zili zofanana.

Nanga tiweruze bwanji? Chinenero chathu chili ndi mawu amene angatithandize. Munthu amene adapita kutali nkuiwala kwawo timamutcha mtchona. Si aliyense wokhalitsa kunja amene amatchedwa dzina limeneli, koma yekhayo amene adadula chingwe. Choncho makolo athu sankayesa munthu ndi kutalika kwa mtunda kapena kuchuluka kwa zaka, koma ndi kumene mtima wake udaloza. Kusiyana kwa mtchona ndi munthu wongotalikira kumaoneka m'zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku.

Kumaoneka m'mawu amene amatumiza. Kale msilikali wosadziwa kulemba ankapempha mnzake wophunzira kuti amulembere kalata, ndipo kumudzi mphunzitsi kapena mwana wa sukulu ankaiwerenga pamaso pa banja. Kalata inkayenda masabata ambiri, komabe inkafunsa za mbuzi, za denga ndi za chifuwa cha agogo. Lero lamya ya m'manja imafikitsa mawu ndi chithunzi nthawi yomweyo, motero chowiringula chachepa. Kumaonekanso m'kagwiritsidwe ka malipiro: kodi amafika kwa amene akupalira munda, kapena amathera m'zosangalatsa za panjira? Kumaoneka m'kudzisunga kwake pamene palibe womudziwa, chifukwa munthu amene amazunza kapena kunyenga anthu amene adatumidwa kukawateteza wanyazitsa amene adamulera, ngakhale nkhaniyo isadzamveke kumudzi. Pomaliza kumaoneka m'kabweredwe kake. Wanzeru akabwera salowa m'nyumba ngati mkulu wa asilikali wodzayendera msasa. Amayamba wamvetsera, amapita kukapepesa maliro onse amene adachitika iye kulibe, ndipo amavomereza kuti mkazi amene adayendetsa banja yekha waphunzira zinthu zimene iye sazidziwa.

Chingwe chili ndi nsonga ziwiri, ndipo otsala kumudzi nawonso ali ndi udindo. Achibale amene amaona msilikali ngati nkhokwe yongotapamo, namuimbira lamya pokhapokha akafuna ndalama, ndi amene amayamba kumusandutsa mlendo. Anansi amene amafesa mabodza okhudza mkazi wake amagwetsa nyumba imene mwini wake sangathe kuitchinjiriza. Mutu umodzi susenza denga: pamene wina ali pa ulonda kutali, mudzi ukhale pa ulonda wa banja lake. Boma nalo lili ndi ngongole yaikulu kuposa onse. Chipilala cha Keyala ku Zomba ndi mwambo wa chikumbutso wa mu Novembala ndi zinthu zabwino, koma nkhata ya maluwa siphikidwa. Ulemu weniweni ndi wakuti wotumidwa auzidwe chifukwa chomveka, alipidwe pa nthawi yake, apatsidwe tchuthi, ndipo akapanda kubwerera ana ake asavutike.

Tiyeneranso kuvomereza kuti ngakhale onse atachita mbali yawo, china chake chimatayikabe. Tsiku limene mwana adayamba kuyenda silibwerezedwa, ndipo mawu omaliza a kholo samvedwa kawiri. Munthu woona mtima sabisa kutayika kumeneku ponena kuti ndalama zakwanira. Amakuzindikira, ndipo nchifukwa chake satalikitsa ulendo popanda chifukwa.

M'nyengo ya chilimwe, m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi mumamveka ng'oma ya mganda. Anyamata ovala zoyera amaima m'mizere, amaponda pamodzi ndi kuomba malipenga a zikho motsanzira perete wa asilikali. Gule ameneyu adachokera ku zimene anthu adaona kwa ankhondo a m'nthawi ya atsamunda. Chimene chidali chilango cha m'mawa kumsasa chidafika kumudzi nkusanduka chisangalalo cha ana ndi akulu. Izi zidatheka chifukwa amene adapita adabwerera, ndipo amene adatsala adawalandira. Yankho la funso lathu lili pomwepa. Wokhala kutali sadataye kwawo malinga ngati tsiku lililonse akukhala monga munthu amene adzafunsidwa ndi akwawo, ndipo akwawo akusunga malo ake pamphasa. Madzi saiwala khwawa. Munthu yekha ndiye angathe kuiwala, ndipo munthu yekhanso ndiye angasankhe kukumbukira.