Kodi Wosunga Ndarama Amana Abale Ache?

Ife a kuno ku Thambani tinazolowera kuperekeza anyamata athu ku Mwanza, kumene akwera basi yodzera ku Zobue ndi ku Tete kunka ku Joni. Atate athu ananka ndi Wenela, mpaka ndege ija inagwa ku Francistown m'chaka cha 1974, nafa anthu a kwathu oposa 70, ndipo boma linayamba laimitsa ulendowo. Njira yasintha, koma mlandu uli womwewo: ndarama zimene mwana azigwira kutali ndi thukuta lache, kodi nzache kapena nza mbumba?

Tsono kwadza chinthu chimene chautsanso mlanduwu. Ndilo thumba limene Azungu alitcha unit trust, monga lija la a Old Mutual. Anthu ambiri aponyamo, yense monga mwa mphamvu yache, nalandira magawo. Akapitao a thumbalo akongoza boma ndaramazo, kapena agula nazo masheya pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Atenga malipiro ao, ndipo phindu lotsala likhala la eni magawo. Magawo akwera mtengo, koma nthawi zina atsikanso, ndipo wokulonjezani phindu losaphonya muyambe mwafunsa ngati a Reserve Bank amdziwa.

Mnyamata wina amene tinamphunzitsa kuwerenga anatilembera kuti ayesa kupatula limodzi la magawo asanu a malipiro ache ndi kuliika m'thumba lotere. Koma amalume ache akwiya, ati, "Kupatsa nkuika, mwanayu waiwala amene anamlera." Mau awa tisawapeputse. Makolo athu analibe banki. Anasunga chuma chao m'mimba mwa abale, ndipo tsiku la maliro kapena la njala anachipezanso. Mwana wa mlongo wako akabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, iwe uli kuwerenga magawo ako pa foni, kodi mtima wako suyenera kukutsutsa?

Komabe tifunse amalumewo: kodi iwo atsegula nkhokwe ndi kukazinga chimanga cha mbeu chifukwa ana alira? Iai ndithu. Aumitsa mtima, ndipo palibe awatcha oumira. Tiwadziwa amuna ambiri amene anatumiza zonse kwa zaka khumi, zinatha ndi sopo, mowa ndi milandu, nabwera ali odwala, ndi bulangete lokha. Abale omwe anadya nao anayamba kuwatopera. Kuika kwao kunali kuti? Ngakhale wokwirira ndarama m'chitini sanapulumuka, pakuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo za m'chitinizo zinafota zili chitsekere. Tikumbuka kuti m'fanizo la matalente wodzudzulidwa anali iye amene anakumba pansi.

Chifukwa chache ife tiyesa kuti mnyamatayo sachimwa posunga. Pamene tiopa mpena. Mbeu ya m'nkhokwe aiona onse a pabanja, koma magawo a m'thumba aoneka kwa mwini yekha, ndipo chinthu chobisika chikoka mtima msanga. Amai a banki m'khonde atiposa pamenepa, popeza awerenga ndarama zao poyera, nadziwa tsiku logawana. Munthu wobisira mkazi wache chimene asunga, ndi wosatha kunena chimene asungira, kaya malata, kaya sukulu ya ana, wayamba kale kutumikira chiwerengero.

Tinamyankha mnyamatayo kuti alembere mkazi wache ndi amalume ache kalata imodzi, awauze chimene apatula, ndi matenda kapena tsoka lotani limene lidzamgulitsitsa magawowo osazengereza. Amalumewo anabwera nayo kalatayo kuti tiwawerengere. Anamva yonse ali chete, natipempha kuti tibwereze pamene panatchulidwa za matenda a amai ache.