Kodi Munthu Angajambule Nkhope ya Mulungu?

M'nyumba zambiri za Akatolika, ngakhale zija zofolera ndi udzu, sitilephera kupeza chithunzi chopachikidwa pakhoma: pena cha Mtima Woyera wa Yezu, pena cha Amayi Maria atanyamula Mwana, pena cha Banja Loyera. M'tchalitchi namo maso athu amatsata zithunzi 14 za Njira ya Mtanda. Tinazizolowera zimenezi kotero kuti sitidzifunsanso chifukwa chake zilipo, kufikira tsiku limene mnansi wa mpingo wina, kapena mwana wathu yemwe pobwera kusukulu, atifunsa kuti: "Kodi lamulo la Mulungu sililetsa mafano? Nanga ndani anamuona Mulungu kuti amujambule?" Funso limeneli si lachipongwe ayi, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi mkwiyo. Ndi funso lakale ndithu, limene linagawanitsapo Akristu mpaka kukhetsa magazi.

Tiyambe ndi Malembo Oyera. N'zoona kuti pa Eksodo 20 Mulungu akuletsa Aisraele kupanga chifaniziro cha chinthu chilichonse kuti azichigwadira. Koma m'buku lomwelo, pa mutu 25, akulamula Mose kusula akerubi awiri agolide pamwamba pa Bokosi la Chipangano, ndipo pa mutu 31 akutchula dzina la mmisiri, Bezalele, amene anamudzaza ndi Mzimu wake kuti akhale ndi luso pa ntchito zamanja. Tsono luso si mdani wa Mulungu, pakuti ndi Iye amene amalipereka. Nkhani ya njoka yamkuwa imatiunikira bwino lomwe. M'chipululu Mose anaipachika pamtengo molamulidwa ndi Mulungu, ndipo olumidwa ndi njoka ankachira poiyang'ana. Patapita zaka mazana ambiri, mfumu Hezekiya anaiphwanya chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani. Njokayo inali yomweyo ndipo mkuwa unali womwewo. Chimene chinasintha ndi mitima ya oiyang'ana.

Mkangano waukulu unabuka ku Constantinople, mzinda umene lero ukutchedwa Istanbul. Kuyambira cha m'chaka cha 726 mfumu Leo III inayamba kutsutsa zithunzi zoyera, ndipo m'zaka zotsatira zithunzi zambiri zinapalidwa m'makoma kapena kutenthedwa. Amonke amene anakana kuzipereka anazunzidwa, ena anaphedwa kumene. Amene anayankha mozama anali Yohane Woyera wa ku Damasiko, mmonke amene ankakhala kunja kwa ulamuliro wa mfumuyo. Iye anavomera kuti kale Mulungu sakanajambulidwa konse, popeza alibe thupi ngakhale maonekedwe. Koma anakumbutsa anzake kuti ku Betelehemu zinthu zinasintha. Mwana wa Mulungu anatenga thupi m'mimba mwa Maria Virigo. Anali ndi nkhope imene abusa anaiona, manja amene anakhudza akhate, mapazi amene anatuwa ndi fumbi la ku Galileya. Amene anaonedwa ndi maso angathe kujambulidwa. Kukana kumujambula Yezu kuli ngati kunena kuti umunthu wake unali wongoyerekeza.

M'chaka cha 787 maepiskopi oposa 300 anasonkhana ku Nicaea ndipo anagamula kuti zithunzi zoyera zibwezeredwe m'matchalitchi ndi m'nyumba. Anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ifenso tiyenera kuziphunzitsa kwa ana athu. Kupembedza ndi kwa Mulungu yekha. Chithunzi timangochilemekeza, ndipo ulemuwo suthera pa thabwa kapena pa utoto, koma umapitirira kukafika kwa mwini wake wa nkhopeyo. Mayi wamasiye amene amasunga chithunzi cha malemu mwamuna wake, namachipukuta fumbi, sanasokonezeke mutu n'kuyesa pepala kuti ndi mwamunayo. Komabe wina atachiponda dala, mayiyo adzalira, ndipo tonse tidzamvetsa chifukwa chake. Mkanganowo unabukanso pambuyo pake, koma unatheratu m'chaka cha 843.

Kale mkanganowu usanayambe, cha m'chaka cha 600, Papa Gregory Wamkulu analembera Serenus, episkopi wa ku Marseille, amene anaphwanya zithunzi poona anthu ake akuzigwadira. Papayo anamuyamikira poletsa kugwadirako, koma anamudzudzula pophwanya zithunzizo, popeza kwa anthu osadziwa kuwerenga chithunzi chimagwira ntchito ya buku. Ife sitifunika kufotokozeredwa zambiri pamenepa. Agogo athu ambiri sanagwirepo cholembera, koma ankadziwa kuti Ambuye anagwa katatu, kuti Simoni wa ku Kirene anawathandiza kusenza mtanda, chifukwa Lachisanu lililonse la Lenti ankaima patsogolo pa zithunzi zija.

Nanga wojambulayo mwini wake, ntchito yake imamuchitira chiyani? Tiyang'ane Fra Angelico, wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, amene anamwalira ku Roma m'chaka cha 1455. Cha m'ma 1440, iye ndi omuthandiza anajambula zithunzi m'nyumba ya abale ake ya San Marco mumzinda wa Florence. Ankapaka utoto pakhoma njereza isanaume, kuti utotowo ulowerere ndi kukhala mbali ya khomalo. Motero tsiku lililonse ankamata kachigawo kokhako kamene akanatha kukamaliza lisanalowe dzuwa. Chodabwitsa n'chakuti zambiri mwa zithunzizo sizinali m'tchalitchi mooneka ndi khamu, koma m'tizipinda togona abalewo, chithunzi chimodzi m'kachipinda kalikonse, kumene mlendo sankaloledwa kufika. Kawirikawiri pambali pa chithunzicho ankajambulapo Dominiko Woyera atagwada kapena akusinkhasinkha, ngati kumuuza m'bale wogona m'menemo kuti malo akenso ndi amenewo, patsinde pa mtanda. Munthu wofuna kutchuka sabisa ntchito yake yabwino m'chipinda chogona. Papa Yohane Paulo II anamutcha Wodala m'chaka cha 1982, ndipo mu 1984 anamuika kukhala nkhoswe ya amisiri a zojambula.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula weniweni ndi munthu wodekha chotero. Ife timangodutsa pamunda wa chimanga, koma iye amaima kuti aone m'mene kuwala kwa m'mawa kumasiyanirana ndi kwa madzulo. Asanajambule mwana wolowerera akubwerera kwawo, ayenera kudzifunsa kuti manja a bambo wokhululuka amagwira motani phewa la mwana wake. Sangayankhe funsoli popanda kusinkhasinkha Mthenga Wabwino, ndiponso popanda kuyang'anitsitsa anthu amene amakhala nawo. Apa ndi pamene burashi ndi pemphero zimakumana. Mulungu yekha ndiye amalenga popanda kanthu. Mmisiri amatola dothi, makala ndi utoto, zonse zolengedwa kale, nazibweza kwa Mwini wake zitasanduka chiyamiko.

Pali funso lina limene limatikhudza ife makamaka: kodi Yezu ajambulidwe ndi nkhope yotani? Mabuku anayi a Mthenga Wabwino sanatifotokozere maonekedwe ake. Tidziwa kuti anali Myuda wa ku Palestina, choncho Yezu watsitsi lofiirira ndi maso obiriwira wa m'zithunzi zina zochokera ku Ulaya sindiye chithunzi chake chenicheni. Amisiri a kumeneko anamujambula monga m'bale wawo, ndipo sanalakwe. Nafenso tili ndi ufulu womwewo. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unaphunzitsa m'chaka cha 1963 kuti Eklezia alibe kajambulidwe kamodzi kamene amakatcha kakekake, ndi kuti luso la mitundu yonse lipatsidwe malo m'nyumba ya Mulungu. Ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Azibambo Oyera anatsegula mishoni m'chaka cha 1902, Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko ajambula ndi kusema nkhani za m'Malembo ndi nkhope, zovala ndi ziwiya za kwathu kuno. Ena amakhumudwa poona Amayi Maria atabereka Mwana kumbuyo ndi chitenje. Koma tidzifunse bwino: chimene chikutivuta n'chithunzicho, kapena n'chakuti pansi pa mtima sitikhulupirira kuti Mulungu angafanane ndi ife?

Tisabise kuti ngozi ilipo, ndipo njoka yamkuwa ija ikutichenjezabe. Ngati tipachika chithunzi pakhomo kuti chizitchinga mfiti monga chithumwa, pamene m'nyumbamo simumveka pemphero, ndiye kuti mnansi wotinena uja wanena zoona. Chithunzi chilibe mphamvu yakeyake. Ntchito yake ndi kukweza mtima kwa Mulungu amene ali ndi mphamvu. Ngozi ina ndi ya chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nyumba yokongoletsedwa ndi Banja Loyera pakhoma, koma pansi pa chithunzi chomwecho mkazi akumenyedwa ndipo mwana wamasiye akugona ndi njala. Buku la Genesis likutiphunzitsa kuti chifaniziro choyamba cha Mulungu sanachijambule munthu. Anachiumba Mulungu mwini, ndicho munthu mnzathu. Amene apsompsona chithunzi cha Kristu nanyoza m'mphawi, walemekeza utoto ndi kuponda chifaniziro chamoyo.

Tsono, makolo anzathu, mwana akatifunsa funso lija timuyankhe mofatsa kuti sitipembedza pepala, koma tikukumbukira Mulungu amene analola kuoneka. Madzulo tikamapemphera kolona, tiwafotokozere ana nkhani ya chithunzi chimene chili pakhomapo. Ndipo tikapeza mwana akujambula ndi khala pakhoma la khitchini, tisathamangire kuthyola mkwapulo. Timupezere pepala, timuonetse kwa aphunzitsi kapena kwa Bambo Mfumu, pakuti Mzimu amene anadzaza Bezalele sanaleke kugawa mphatso zake, ndipo matchalitchi athu ambiri a kumidzi akali ndi makoma opanda kanthu.